Injini Ndi Yake Ndithu, Koma Mlongo Wanga Ndinamunena Wakuba

Aphungu,

Ndikukulemberani mtima uli m'malo koyamba chichokere Pasaka. Sabata ino chakudya chikulowa, ndipo anzanga ku khitchini ya sukulu komwe ndimaphika akuti ndayambiranso kuimba potsuka mapoto. Koma kaminga kamodzi katsalira, ndipo ndi kamene kandigwiritsa cholembera.

Bambo athu, a Casimir, anatisiya chaka chatha mu Novembala. Sanasiye zambiri, koma anasiya galimoto yomwe dera lathu lonse limaidziwa: Chevelle SS 396 ya 1970, yabuluu, ya mizere iwiri yoyera pa boneti. Anaigula yatsopano atangoyamba ntchito ku fakitale ya magalasi. Amayi ankakonda kunena kuti iwo ndi mkazi wamng'ono, wamkulu amagona m'galaja. Ikafika nyengo yachisanu, yomwe amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, galimotoyo inkafunditsidwa nsalu mpaka Epulo, ndipo ife ana sitinkaloledwa ngakhale kudyera switi pafupi nayo.

Tilipo awiri, ine ndi mlongo wanga Gerard, yemwe ndi wamkulu kwa ine ndi zaka zinayi. Bambo atayamba kudwala, galimoto inapita ku galaja ya Gerard ndipo inakhala kumeneko zaka zitatu. Iye ndi amene ankailiza, kuisintha oilo, komanso kuwayendetsa nayo bambo Lamlungu lililonse akatuluka ku Misa, miyendo yawo itakana kuponda kilachi. Bambo analemba kuti galimotoyo ndi ya tonse awiri.

Makwerero a magalimoto amenewa kwathu kuno tinakula tikuwadziwa ngati katekisimu. Pansi pali Chevelle wamba, yopita nayo kogula zinthu. Pamwamba pake pali Malibu ya mipando yabwinoko, kenako SS 396, ndipo pansonga pali SS 454, yomwe ilinso pawiri: LS5, ndi LS6 ija yoti ikamadutsa amuna amasiya kutafuna. Thupi lake ndi limodzimodzi, n'chifukwa chake ena amagula Malibu, n'kuimata zizindikiro za SS, n'kumayenda chifuwa chili patsogolo. Bambo ankawanyoza kwabasi anthu otere, ankawatcha ovala yunifolomu ya eni.

Tsono mwamuna wanga Dwight ndi munthu wabwino, koma ndi uja woti akawerenga nkhani ziwiri pa foni wasanduka mphunzitsi wamkulu. Kumayambiriro kwa Epulo anabwereka galimoto kwa Gerard n'kupita nayo kwa makaniko chifukwa inkatulutsa kautsi. Makaniko anatsegula injini, anayeza zoyeza zake, anakonza, ndipo pa pepala la ntchito analemba kukula kwa injiniyo. Dwight sanamufunse kanthu. Anabwera kunyumba nkhope ili ngati wachokera ku maliro.

"Mayi a Colleen, takhalani pansi," anatero. "Pambali pa galimoto ya bambo palembedwa nambala yanji?"

Ndinati 396, ngakhale mwana wa ku nasale akudziwa.

"Nanga apa palembedwa chiyani?"

Ndinayang'ana pa pepala. Panali 402.

"Basitu," anatero. "Injini ya bambo inapita kalekale. Wina anaizula n'kuikamo ya pikapu. Ndipo SS yopanda injini yake ndi Malibu yodzola milomo."

Aphungu, ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Nkhaniyo ndinatha kuisunga masabata awiri okha. Pa Pasaka tinakadya kwa Gerard monga mwa masiku onse. Mkazi wake Lorraine anali atakonza pierogi, timikate tija toikamo mbatata m'kati, ndi nyama ya nkhumba, ana awo atatu ali pa tebulo, wanga Colleen ali pomwepo. Ndinangoona Gerard wakhala pa mpando umene ankakhala bambo, magazi anandikwera kumutu.

"Achimwene," ndinatero, "injini ya bambo munaigulitsa kwa ndani?"

Anaika foloko pansi. "Wati chiyani, Nadine?"

"Mwamva bwino. Zaka zitatu galimoto ili kwanu, lero muli injini ya eni. Kuwabera bambo ali pa bedi la matenda? Ndinu wakuba."

Anapempha kuona pepalalo ndipo Dwight anamupatsa. Analiyang'ana kanthawi, n'kuseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Alamu, ndiye mwawerenga mpaka pamenepa?" Anadzuka, anakatenga makiyi, anawaika pafupi ndi mbale yanga. "Tenga. Ukaisunge kwa anthu okhulupirika."

Kuyambira tsiku limenelo sitinalankhulane. Ku tchalitchi iye anayamba kupita Misa yoyamba, ine yachiwiri. Galimoto inakhala m'galaja yathu Meyi yense ndi Juni, ndipo ine ndinkadutsa pambali pake nditayang'ana kumbali. Ndinkaganiza zinthu ziwiri, zonse zowawa: kaya mlongo wanga anaba, kaya bambo anatinamiza moyo wawo wonse ndipo nawonso anali ovala yunifolomu ya eni.

Sabata yatha ndinaganiza zoti tingoigulitsa, ichoke pamaso panga. Poitsuka ndinamva fungo la mbewa, choncho ine ndi Dwight tinazula mpando wakumbuyo. Pansi pake, m'mawaya a mpando, munapanikizika pepala lachikasu, ngodya imodzi itadyedwa ndi mbewa. Linali pepala lija ankaika anthu a ku fakitale pomanga galimoto, lolembedwa zonse zimene inabadwa nazo. Zaka zonsezi takhala tikulikhalira osadziwa.

Loweruka masana tinapita nayo pa bwalo loimikapo magalimoto la pafupi ndi sitolo ya ayisikilimu, pomwe madala amasonkhana ndi magalimoto awo akale, maboneti ali yasa, iwo atakhala pa mipando yopinda. Tinapeza a Zielinski, mnzawo wa bambo, omwe zaka makumi asanu ndi atatu anazidutsa kale. Anavala magalasi n'kuyendetsa chala pa pepala.

"Z25, iyi ndiye SS 396. L34, iyi ndiye injini ya mphamvu za mahatchi 350. Vuto lili pati, mwana wa Casimir?"

"Vuto ndi lakuti muli 402, madala," anatero Dwight.

A Zielinski anaseka mpaka kutsokomola. Anakodola anzawo. "Tabwerani kuno mudzamve nkhani yatsopano ya zaka makumi asanu zapitazo." Kenako anatembenukira kwa Dwight. "Iwe mkamwini, chaka chimenecho anakulitsa pang'ono mabowo a injini, mimba yake inafika 402, koma dzina analisiya lomwelo poti anthu anali atalizolowera. 396 iliyonse ya 1970 ndi 402. Mkazi wanga anabatizidwa Bronislawa koma msewu wonse umati Bernice. Ndiye ukuti anandisinthira mkazi?"

Anatenga tochi, anapukuta ndi kansalu pachitsulo cha kutsogolo kwa injini, n'kuwerenga manambala odindidwa pamenepo. Anafanana ndi otsiriza a nambala ya galimoto ya pansi pa galasi lakutsogolo. "Injini iyi inabadwira momwemu," anatero, "ndipo amene wakhala akuisamala ali ndi manja abwino."

Aphungu, ndinakhala pansi pa phula pomwepo n'kulira, kulira kwa munthu amene watula katundu. Bambo sananame. Mlongo wanga sanabe. Dwight anandigulira ayisikilimu ndipo ndinaidya ngati mwana, misozi ikutsika. Koma ndisanaimalize, a Zielinski anafunsa, "Nanga Gerard ali kuti lero? Iyeyu zimenezi anazidziwa ali ndi zaka khumi, bambo ako ankamuyesa nazo mayeso pamaso pathu."

Ndiye kuti pa Pasaka paja iye ankadziwa. Chiganizo chimodzi chikanathetsa zonse, koma anasankha kukhala chete.

Tsopano Dwight akuti tikwere galimoto, tikaimbe hutala pakhomo pa Gerard, tikamuonetse pepala, tonse tiseke, nkhani ithe. Akuti, "Ife amuna sitipepesana, timangotsegula boneti." Nanenso mbali ina ndikuona ngati n'zotheka, poti nkhani yomwe tikupita nayo ndi yabwino. Komanso ndikadali ndi kamkwiyo: Gerard anandisiyiranji ndikupsa miyezi yonseyi? Kodi nayenso alibe mlandu? Mwana wake Renata akukwatiwa kumapeto kwa Ogasiti, ndipo kuyambira ali wamng'ono ankanena kuti ku tchalitchi adzapita pa galimoto ya agogo ake. Khadi la ukwati linabwera, koma popanda ngakhale moni wa dzanja la Lorraine. Ndipite bwanji, ndipo ndikanene chiyani?

N. H., Toledo

Mayi N. H.,

Poyamba pumani ndithu, mpumulo umenewu ndi wanu. Bambo anu anali munthu woona, galimoto ndi yeniyeni, ndipo m'banja mwanu mulibe wakuba. Ambiri amene amandilembera za katundu wa malemu samathera pabwino chonchi. A Zielinski muwapititsire keke.

Tsopano tikambe za kamingako, ndipo ndikuuzani mosapsatira. Amuna anu anakhala kandimverere amene anakanena za m'maluwa, zimenezo n'zoona. Anali ndi makaniko patsogolo pawo, pakamwa ali napo, koma anathamangira kunyumba ndi nambala imene sanaimvetse. Koma mawu akuti wakuba sanatuluke m'kamwa mwa a Dwight. Anatuluka mwa inu, m'nyumba ya mlongo wanu, pa tebulo lake, ana ake akumva.

Mukufunsa ngati a Gerard alibe mlandu pokhala chete. Kunyada ali nako, ndipo ndikuona kuti kwanuko n'kwa kumtundu. Koma taganizani. Munthu wasamala bambo ake zaka zitatu, wawanyamula kuwakweza m'galimoto Lamlungu lililonse. Inu simunabwere ndi funso, munabwera ndi chigamulo. Akanakufotokozerani za 402, mukanati chiyani tsiku limenelo? Ndikukudziwani kale kuchokera m'kalata yanuyi: mukanati wakonzeratu bodza. Anakhala chete chifukwa chimene chinamupweteka sichinali nambala. Mkwiyo wanuwo uikeni pansi, ulibe pogwira.

Nzeru ya hutala ija ikanidwe. Kufika ndi phokoso ndi chiseko n'kumuuza kuti aseke nanu pa bala lake lomwe. Pitani nokha, masana a pakati pa sabata, pa galimoto yanu ya masiku onse, a Dwight atsale. Mukagogode ngati mlendo, ndipo akatsegula munene mawu ochepa: "Achimwene, ndinakunenani wakuba. Ndinalakwa. Munasamala bambo ndi galimoto yawo, ine ndinakubwezerani chipongwe. Pepani." Mukafika pamenepo tsekani pakamwa. Liwu loti "koma" lisatuluke, dzina la a Dwight lisamveke. Akakalipa, mverani. Akangoyang'ana pansi osayankha, musamukakamize, bwererani kwanu mwaulemu. Anadikira miyezi itatu, inunso mutha kudikira masabata angapo.

Sizithera pakhomo pokha ayi. Chipongwe chinachitikira pagulu, choncho kupepesa kufikenso pagulu lomwelo. Mayi Lorraine anaphika tsiku lonse chakudya chimene munachiwawitsa, apepeseni paokha. Ana atatu aja, ndi Colleen wanu yemwe, amve kuchokera pakamwa panu kuti bambo awo ndi malume ake ndi munthu wokhulupirika. A Dwight nawo apite tsiku lawo. Ngati kupepesa kwawo kumayambira pa boneti, ayambire pomwepo, bola mawu oti "alamu, ndinalakwa" atuluke boneti isanatsekedwe. Muwauzenso kuti asayerekeze kusintha zizindikiro zija kuti zilembedwe 402. Galimoto ili bwino momwe ilili, amene amafunika kukonzedwa ndi anthu.

Makiyi abwezeni sabata ino, kaya mwakhululukidwa kaya ayi, ndipo galimoto ifike kwawo yotsuka, thanki ili yodzaza. Renata akwere galimoto ya agogo ake popanda kudikira kuti akuluakulu agwirizane kaye. Musaisandutse nyambo yokokera mlongo wanu kuti akumwetulireni.

Pepala lachikasu lija ndi la mtengo wapatali kwa nonse awiri. Lijambuleni mbali zonse, muliike m'kathumba ka pulasitiki kouma, kutali ndi dzuwa. Musalimate ndi selotepi ndipo musalipititse ku makina otentha aja omatira mapepala, lingawonongeke. Tsiku lina mtima ukadzakhala pansi mudzamuonetsa, ndipo ndikhulupirira adzakondwa kuliona kuposa inu.

Chenjezo langa ndi limodzi: tsiku lokapepesalo pepalalo litsale kunyumba. Mukafika nalo m'manja, mukhala mukumuuza kuti mwamukhulupirira chifukwa mbewa zinasiya zilembo zingapo osadya. Zikanadya ngodya inayo, kodi mlongo wanu akanakhalabe wakuba mpaka lero? Funso limeneli sakakufunsani ndi pakamwa, koma likakhala m'maso mwake akamatsegula chitseko. Musanyamuke musanapeze yankho lake.

Aphungu