Nyemba khumi za Tadala

Loweruka, Okutobala. Kwatentha, koma mtima wanga uli pena.

Mdzukulu wanga Tadala wabwera ndi masewera amene wapanga yekha kukoleji. Umalemba munthu wako papepala, amakupatsa nyemba khumi kuti ugawe pa mphamvu, liwiro, pakamwa ndi sukulu. Pomwe waunjika nyemba, munthuyo amakhoza pomwepo.

"Agogo, inu ikani pakamwa," watero.

"Pakamwa ndinabadwa napo, mwana wopanda ulemu iwe."

Ndaika zisanu ndi zinayi pa sukulu. Ine wolekeza Sitandade 2!

M'nkhani ya masewerawo, imene Tadala akusimba, tasochera m'nkhalango ya Ntchisi, n'kupeza chikwangwani cha Chingerezi. Amalume ake, amene tikusewera nawo, ndi nyemba zawo zonse pa mphamvu, angoti kakasi. Ndaponya dayisi yoyesera mwayi, yagwa sikisi, nambala yaikulu pa zonse.

"Munthu wanu wawerenga," watero Tadala, n'kundinong'oneza mawuwo. "Auzeni njira."

Onse cheu kwa ine, kudikira. Zaka zonsezi ndine ndimayenda ndi mapepala akuchipatala kupempha ondiwerengera. Ndawauza njira, onse anditsata. Kapepala chabe, nyemba zanga zomwe!

Koma kutsogoloko akuti kuli mtsinje wodzaza, ndipo pa mphamvu ndinaika kanyemba kamodzi...