Mafuta a Nyali ya pa Guwa

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha, ndipo thupi lalema.

Thadzi lathu lakuda, lokhalo limene likuikirabe, linali chigonere kuyambira dzulo, dzira litakanirira m'mimba. Tereza wathu chidwalire malungo sakudya china koma dzira. Amake anati, "Atate a Tereza, nipaseni mafuta nilidzoze. Likafa, mwana adzadya chiyani?"

M'nyumba munalibe ngakhale dontho. Ndinakatapa supuni imodzi ya mafuta a olivi a nyali ya pa guwa, amene Abambo ansembe anandisungitsa. Dzira latuluka masana, lofewa, lopanda chigoba, koma mwana wadya.

Ambuye, ndakuberani chifukwa cha nkhuku. Loweruka ndikaulula ku mishoni ya Kasisi. Koma ndikalonjeza bwanji kuti sindidzabwereza, pamene ndikudziwa kuti lina likakanirira mawa ndikatapanso?