Nkhope ya M'dzenje la Kuseli

Lolemba, 11 Malichi

A Boualem, amuna anga, ayamba kukumba maziko kuseli. Chipinda cha apongozi. Adokotala anena kuti apongoziwo akatuluka m'chipatala masitepe asadzawayerekezenso, pomwe zipinda zathu zonse zili pamwamba pa shopu.

Lachiwiri, 12 Malichi

Andiitana ndikupala nsomba. "Houria, tabwera, koma usakuwe." Fosholo inali itagunda pouma. Atathirapo madzi panaoneka timiyala ting'onoting'ono toyalidwa mwaluso, tofiira ndi tobiriwira. Kenako diso. Nkhope ya mkazi, ngala za tirigu kumutu.

Za Aroma. Kuno ku Cherchell likulu lawo lonse lili pansi pathu, aliyense amadziwa, koma sindinkaganiza kuti angatitulukire pakhomo.

Avundikirapo malata. Ati, "Sunaone kanthu."

Lachitatu, 13 Malichi

Akuti tikakanena, aboma aimitsa ntchito, mwina zaka, mwinanso kutisamutsa. "Ndiye amayi azikagona kuti? Pamiyalapo?" Simenti athira Lamulungu.

A Lakhdar oyandikana nafe atandala padenga pawo, ati akukonza dishi ya TV. Anakuwa, "Mwapeza golide kodi aneba? Mwalekeranji kukumba?" A B. anaseka mokakamiza. Chakudya chamasana sanachikhudze.

Lachinayi, 14 Malichi

Ndinachotsa lata limodzi ndili ndekha, n'kumupukuta mkazi uja ndi nsanza. Ali ndi kamkanda pakhosi, milomo ngati akufuna kufunsa kanthu. Zaka zonsezi wakhala osasweka, ndiye adzathere m'manja mwathu?

Lachisanu, 15 Malichi

A B. ali ku mzikiti, kunabwera mlongo wanga Slimane, uja amalondera kunyumba yosungirako zakale. Amadzadya kusikusi, chakudya chathu cha tirigu cha Lachisanu. Sindinapirire, ndinamuonetsa. Anagwada n'kuiyang'anitsitsa nkhopeyo.

"Achemwali, alamu akathira simenti apa n'kudziwika, ndi ndende."

"Kanene kuboma," ndinatero. "Koma dzina langa lisamveke."

A B. atabwerako, podya Slimane anangoweramira mbale, mpaka iwo kumufunsa ngati sakupeza bwino.

Loweruka, 16 Malichi

Kuchipatala. Apongozi anandigwira dzanja, kufunsa ngati zenera la chipinda chawo lidzayang'ana kunyanja. Ndinati inde. Za dzenje lija sindinawauze.

Lamulungu, 17 Malichi

Simenti inafika m'mawa. Asanamasule ndi thumba limodzi lomwe, kunabwera mayi wina wa kuboma ndi amuna awiri. Mwaulemu ndithu. Anajambula zithunzi, n'kuzunguliza chingwe chofiira padzenjepo. Mayiyo anati nkhope ya mtundu umenewu sanaionepo, ndipo anawathokoza a B. chifukwa chosaiwononga. Atafunsidwa kuti ntchito iima mpaka liti, anati sakudziwa.

Atangochoka, a B. anatola mpini wa piki.

"Ndi Lakhdar ameneyu. Zaka makumi awiri ndikumukonzera galimoto. Lero andidziwa."

Ndinathamanga n'kukaima pageti.

"Choka, Houria."

"Si a Lakhdar."

"Nanga ndani? Mizimu?"

"Ndine. Ndinauza Slimane."

Anandiyang'ana ngati mlendo wosochera. Ndinkamva mawu a ana akusewera mpira mumsewu. Kenako anatsamiritsa mpini uja kukhoma, pang'onopang'ono.

"Mawa kuchipatala upita wekha," anatero. "Ukawauze wekha amayi."

Panopa akutsitsa matiresi awo kupita nawo kushopu. Ndikumva akukhukhuza pamasitepe.