Galasi Lisatsitsidwe

Lolemba, 13 Okutobala

Eyakoni, choziziritsira m'galimoto chija, yafanso. Tinali pamzere wa magalimoto pochokera kuchipatala kokayezetsa shuga wa amayi, dzuwa likuswa mtengo. Ndangokhudza batani la galasi, amayi mbama padzanja. "Usatsitse. Fungo la bambo ako lithawa." Chimwalirireni ababa, galasi la galimoto yawoyi silinatsikepo. Ndi chitseko chomwe timatsegula ngati akuba. Ine ndimangomva fungo la thukuta langa, koma ndinganene?

Abwana a kuntchito kwanga aimbanso foni. Ndikapanda kuoneka Lolemba likubwerali, mpando wanga apatsa wina. Ndinabwerera maliro, ndasanduka dalaivala.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Kwa a Sipanala, makaniko wa ababa. Awunika ndi tochi paliponse, akuti gasi akuthawira pa kabowo kuseri kwa dashibodi. Kuti akonze zenizeni ayenera kumasula zonse, galimoto igone pagalaja zitseko zili pululu. Amayi: "Muyambe mwandiika m'manda."

Basi mkuluyo watulutsa kachitini ka mankhwala omata. Akuti amayenda ndi gasi m'mapaipi, akapeza kabowo n'kuuma pomwepo. "Koma mayi, izi n'zongogwirizira. M'paipi mukakhala chinyezi amauma posayenera, njira n'kutsekeka." Amayi angomva mawu amodzi okha, omata. Athira.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ikuzizira. Amayi akuimba njira yonse. Ndatchula za Lolemba, akweza mawu.

Lachisanu, 17 Okutobala

Achimwene pafoni: "Iwe sunakwatiwe, ukuthamangira chiyani?" N'zosavuta kuyankhula uli kutali, mwana wa mnzako ndiye akupsa. Ndatopa, ndipo ndikuchita manyazi kuti ndatopa. Sutikesi yanga ndaipeza pamwamba pa kabati, aisanjikiza mabulangete. Sindinafunse.

Loweruka, 18 Okutobala

Zimene ananena a Sipanala zija. Tili pakati pa msika, kutsogolo lole, kumbuyo minibasi, mwangomveka fyiii kuseri kwa dashibodi. Kenako mpweya wotentha, wonunkha ngati guluu wa nsapato. Amayi kutsokomola mpaka misozi, koma dzanja lawo lili pa batani kulondera. Ndimaona ngati akomoka.

Ndawakalipira. Ine, kukalipira amayi. "Mukufuna tiwatsatire ababa tonse lero lomwe?" Tafika kunyumba zovala zitamatirira pathupi, aliyense kuchipinda kwake. Chakudya chagona m'poto.

Lamulungu, 19 Okutobala

M'mawa kuchipinda kwawo kulibe munthu. Ndawapeza m'galimoto, pampando wa dalaivala, akununkhiza chiwongolero, lamba, nsalu ya kudenga. Atandiona atsegula chitseko, osachitsekanso.

"Mulibe," atero. "Mwangotsala guluu."

Andiika makiyi m'manja. "Galimotoyi ukaisiye kwa a Sipanala, amasule zonsezo. Kuchipatala ndizikwera minibasi, miyendo ndili nayo. Basi yako inyamuka nthawi yanji?"

Ndati masana.

"Nanga waimiranji? Katsitse sutikesi."

Mawu amenewa ndawadikira mpaka kuwalota. Koma miyendo yakana kulowera kunyumba. Ndazungulira mbali inayo, ndakhala pampando wa amayi, nanenso ndayamba kununkhiza.