Azakhali anachapa chipewa cha malemu bambo anga

Aphungu,

Azakhali anga a Malita, mlongo wawo wa malemu bambo anga, ndiwo andilembetsa kalatayi. Ndawatchula dzina dala, akawerenga adzidziwe. Mu Disembala ndili ndi chinkhoswe, ndipo sindikufuna kuwaona atakhala pamenepo.

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala ndi amayi ku Shawlands, mumzinda wa Glasgow. Bambo anatisiya mu Ogasiti ndi khansa. Kuti mumvetse zomwe azakhaliwa anandichita, ndiyambe ndi chipewa.

Bambo ali mnyamata anakaphunzira za uinjiniya ku America, n'kubwerako ndi matenda okonda bezibo, masewera aja oponya kampira wina n'kumakamenya ndi chibonga. Timu yawo inali yoluza chaka ndi chaka. Anzawo akutchalitchi akamakangana za mpira wamiyendo wa kuno, iwo ankangomwetulira, mtima uli pa timu yomwe panalibe woidziwa. Anali ndi chipewa cha timuyo, ndipo lamulo lawo linali loti sizoni ikayamba mu Epulo, chipewacho sichiona madzi mpaka gemu yomaliza. Ankati ukachichapa wachapa mwayi. Pofika Julaye chinkakhala ndi mzere woyera wa thukuta kuzungulira, moti amayi ankachiletsa kulowa kuchipinda.

Ine bezibo ndinkadana nayo. Maola atatu, anthu akungotafuna n'kumalavula. Koma chaka chino atadwala ndinayamba kukhala nawo. Gemu ya Lamlungu masana kwawoko, kuno imayamba cha m'ma 6 madzulo. Tinkaonera pabalaza, kenako kuchipatala, tabuleti titaitsamiritsa pa jagi ya madzi. Magemu a m'kati mwa sabata tinkaonera mawa lake, ndipo ankandilanda foni kuti ndisabe zotsatira. Ndiye taonani, timu ija inayamba kuwina. Juni yense, Julaye yense. Bambo akuonda, timu ikukwera. Tsitsi litathothoka chipewa chinayamba kuwakhwepa, tinachimanga kumbuyo mpaka pabowo lomaliza.

Sabata yomwe anamwalira, timu inali pamwamba. Anavula chipewa n'kundiveka, amvekere: "Undimalizire sizoniyi. Usachichape, ngakhale amako alongolole." Sanali mawu awo omaliza, koma ndi omaliza omwe anandiuza akuseka.

Tinawaika konkuno. Pamaliro azakhali anandiuza kuti namfedwa wamkazi amavala duku, osati chipewa cha mwamuna, amayi a Mvano angatiseke. Ndinamvera, ndinachikoloweka pampando wa bambo. Patatha masiku atatu ndinaperekeza amayi kukasaina mapepala m'tauni. Pobwera tinapeza azakhali atachapa zovala zonse za bambo, zoti zitumizidwe ku Ntcheu abale akagawane. Anakana makina ochapira, anakananso amayi anzawo omwe anafuna kuwathandiza. Anagwada okha pabafa kuyambira m'mawa, ngati tili kudambo. Chipewa chinali pa hita, chikudontha.

Ndinachinunkhiza. Sopo yekhayekha.

Lamulo la chipewa azakhali ankalidziwa bwino, zaka zonsezi ankawaseka nalo achimwene awo. Zoti bambo anandisiyira ine sindinawauze, koma munthu wamkulu amafunika kuuzidwa zonse? Nditawafunsa, anati: "Za wakufa sizikhala m'nyumba zosachapa, mwanawe. Komanso chimanunkha." Ndinawayankha kuti nthawi yonse bambo ali m'chipatala iwo anakawaona kawiri kokha, kuchokera pa Pollokshields pomwepa, ndiye fungo la achimwene awo akanalidziwira kuti? Anakhala pansi. Amayi anandikokera kukhitchini kuti ndibweze mawu. Sindinabweze.

Gemu yotsatira timu inaluza. Inaluzanso. Pa magemu khumi ndi awiri inawina awiri okha. Otsalawo ndinaonera onse ndekha, chipewa chochapacho chili kumutu, ndikuona anthu akuluakulu akugwetsa mpira woti mwana akanauwakha. Ikaluza ndinkatumiza zigoli kwa azakhali pafoni, manambala okha, popanda moni. Iwo bezibo sadziwa n'komwe mbali yogwira chibonga. Nthawi zonse ankayankha zomwezomwezo, kuti Ambuye anditonthoze. Lamlungu lomaliza la Seputembala timu inkangofunika kuwina kamodzi kuti ilowe m'mipikisano ya mu Okutobala, yomwe bambo anaidikira zaka zoposa makumi awiri. Inaluza ndi chigoli chimodzi. Ndinazimitsa tabuleti n'kulira kulira komwe sindinalire kumanda.

Aphungu, sukulu ndinapitako. Ndikudziwa kuti sopo wa ku Glasgow sangaterereketse mpira m'manja mwa munthu ali ku America. Koma bambo anandipempha chinthu chimodzi, chaching'ono, ndipo mayi uyu anandilepheretsa m'tsiku limodzi.

Tsopano azakhaliwa ndi okhawo a kuchimuna omwe ali kuno, ndiye akuti ndiwo adzaimire bambo pachinkhoswe ndi kundilangiza. Andilangize chiyani, kuchapa? Amayi anena kuti popanda alamu awo, iwonso sadzakhalapo. Bwenzi langa Lusayo anayesa kundiuza kuti n'chipewa chabe, ndinamukhalira chete masiku anayi. Kodi chinkhoswe sichingachitike popanda iwo? Mundiyankhe zimenezo zokha. Za kukhululuka musandiuze, abusa anayesa kale. Nkhaniyi ndaikamba pano koyamba mpaka pamapeto, ndipo sindidzaikambanso kwa wina aliyense.

A.K.,
Shawlands, Glasgow

Mwana wanga A.K.,

Pepa kwambiri ndi imfa ya bambo ako. Ndiyankha funso lako, koma ndikuuzanso zomwe wandiletsa.

Azakhali ako analakwa. Mwambo wochapa zovala za malemu ulipodi, koma suletsa munthu kufunsa ana a m'nyumbamo asananyike chinthu m'madzi. Chomwe anachapa sichidzabwerera, ndipo Lusayo naye anaphonya ponena kuti n'chipewa chabe. Linali fungo la bambo ako. Ulire, uli ndi chifukwa.

Koma mlandu wa timu uwachotsere. Bambo ako anasunga chipewa chosachapa sizoni iliyonse kwa zaka zoposa makumi awiri, timu n'kumaluzabe chaka chilichonse. Ndipo sizoni unaimaliza. Unaonera gemu iliyonse, wekha, mpaka yomaliza yowawayo. Chachikulu chomwe anakupempha unachita.

Tawerenganso kalata yako. Mayi wamkulu wakana makina, wakana omuthandiza, wagwada tsiku lonse akufikisa malaya a mlongo wake ndi manja. Iwe unaona mwano, ine ndikuona munthu akutsanzika m'njira yokhayo yomwe amaidziwa. Chifukwa chomwe anapitira kuchipatala kawiri kokha sindikuchidziwa, nawenso sunafunse. Alipo anthu omwe miyendo imawakana akamva kuti m'bale wawo watha thupi. Si zabwino, koma si chidani. Mawu omwe unawalasa nawo aja anafika pamtima, n'chifukwa chake anakhala pansi.

Chinkhoswe popanda iwo chingachitike, palibe wapolisi angabwere. Koma chidzakhala chopanda azakhali, chopanda amayi ako, a kwa Lusayo akuyang'ana mipando yopanda anthu n'kumadzifunsa kuti mwana wawo akulowa banja lotani. Sindikukulangiza zimenezo.

Uchite izi. Manambala aja usatumizenso, ngakhale sizoni ina ikadzayamba. Munthu sungamuimbe mlandu m'chinenero chomwe sakumva. Sabata ino ukwere sitima upite ku Pollokshields, wekha, chipewa chili m'chikwama. Ukawauze mawu omwe bambo ako ananena pokuveka, monga momwe wandilembera ine. Mpaka lero iwo akudziwa kuti anachapa chipewa chonunkha, sakudziwa kuti anachapa chosiyiridwa. Ukatero ukhale chete, uwasiye alankhule. Mwina "pepa" sadzatuluka, amayi a msinkhu umenewo ambiri amapepesa ndi misozi kapena ndi ntchito. Za kuchipatala zija upepese ndiwe, ngakhale pakamwa pakuwawe.

Ukabwerako mtima ukadali wolimba, uwauze amayi ako ndi Lusayo kuti chinkhoswe chisunthe, chidzachitike chaka chamawa. Miyezi inayi chiikireni bambo ako ndi yochepa, ndipo kusuntha tsiku si manyazi. Upitenso kwa dokotala wako ukapemphe kuti akulumikize ndi alangizi a anthu oferedwa. Wati sudzaikambanso nkhaniyi. Ayi, uikambe, kambirimbiri, kwa munthu wodziwa kumvetsera.

Koma uchenjere. Mkwiyo wako ndi wa munthu woganiza kuti nthawi ilipo yambiri. Mu Glasgow monse muno, azakhali akowo ndi munthu yekhayo yemwe anawaona bambo ako ali kamnyamata kopanda nsapato, yemwe akudziwa dzina lomwe ankawanyoza nalo kusukulu ndi chomwe chinkawaliza. Tsiku lina mwana wako adzakufunsa kuti agogo ake anali munthu wotani. Ukawataya azakhaliwa lero, sudzakhala ndi koti ukafunse.

Aphungu