Mwendo Wopondera Kilachi

Lachitatu, mwezi wa Juni. Mtima wanga sunakhazikike mpaka pano.

Atate akhala akunena kuti galimoto imene tikufuna kugula yonyamulira tomato wathu kumsika wa Chongwe idzakhala ya magiya. Otomatiki amati ndi ya aulesi, batire ikafa simungaikankhe n'kulira. Lero alongo anga atayimba foni kuchokera ku Lusaka kuti apeza zonse ziwiri, atate anati, "Gula otomatiki, iwe. Usanifunse."

Ndinadabwa, koma ndinaopa kufunsa. Kenako ndinawaona akudzuka pampando, akukweza mwendo wamanzere ndi manja awiri. Mwendo wopondera kilachi posintha magiya.

Maso athu anakumana. "Usauze amayi ako," anatero motsitsa mawu.

Amayi ali panja, akuyimba nyimbo yawo ya kwaya. Chibadwire sindinawabisirepo kanthu. Mawa akandiyang'ana kumaso, kaya...