Bowo la Mphete Lakula

Wapamtima,

Pepa, ukafika sundipeza. Ndabwerera ku shopu yathu ya zitsulo msangamsanga, ndipo chinsinsi changa chaululika chokha.

Masiku ndimachedwa aja sinali ntchito ya abwana ayi. Ndimakusemera mphete ya mkuwa pa makina. Dzulo ndimakuza bowo lake ndi kampeni kaja kamadya chitsulo m'kati, koma maganizo anali pa iwe. Ndinaiwala kuti ukasuntha mpeni pang'ono, bowo limakula kawiri, poti umadya mbali zonse. Ndiye chitsulo chikachoka sichibwerera. Mnzanga wa pa makina akuti, "Achimwene, mukukwatira njovu?"

Kunena zoona, chala chako ndayamba kuchiiwala. Iwe ukamalowa ine ndikutuluka, ndipo m'nyumba muno ndimangocheza ndi mpando wako.

Pa tebulo ndasiya ulusi. Uuzungulize pa chala chako, umange mfundo, uusiye pansi pa kapu yanga. Usakoke kwambiri, ndingalakwitsenso.

Mphete yolakwikayo yandikwana ine, ndiye ndaivala. Ikudikira inzake, ngati mwini wake.

Ndine,
Mwamuna wako wa manja akuda uja